KASUNGIDWE KA MKAKA, CHAMBIKO NDI TCHIZI PAKHOMO

MAU OYAMBA

Anthu okhala kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa, m'madera a mafumu Mwambo ndi Kuntumanji m'boma la Zomba, safuna mphunzitsi pa nkhani ya kasungidwe ka nsomba. Msodzi aliyense wa pa doko la Kachulu adziwa kuti matemba ovuulidwa m'mamawa, akapanda kuyanikidwa, amafika madzulo atayamba kuvunda. Adziwanso kuti mlamba wowambidwa bwino umayenda ulendo wautali kukafika ku misika ya ku Zomba ndi ku Limbe uli bwinobwino. Nzeru imeneyi njakale: chakudya chimene chili ndi madzi ambiri sichichedwa kuonongeka, koma madziwo akachepa chimakhalitsa.

Mkaka uli ngati nsomba yaiwisi. Chodabwitsa nchakuti mabanja ambiri amene sangalole kudyetsa mwana nsomba yovunda, amasunga paketi ya mkaka yotsegula masiku awiri kapena atatu pa zenera, namathira mkakawo m'phala la mwana yemweyo. Masiku ano mkaka umafika pakhomo m'njira zambiri. Wina umakamidwa ku ng'ombe ndi mbuzi zimene zimadya msipu m'madambo a m'mbali mwa nyanja. Wina umagulidwa m'mapaketi ndi m'zitini m'magolosale a pa Jali ndi pa Kachulu. Ndipo pali mabanja ena amene amagula tchizi mumzinda wa Zomba, kapena kulandira kuchokera kwa abale ogwira ntchito ku South Africa. Phunziro lino likufotokoza m'mene zakudya zimenezi ziyenera kusungidwira kuyambira pa nthawi imene zakamidwa kapena kutsegulidwa, makamaka pakhomo pamene palibe firiji.

CHIMENE CHIMAONONGA MKAKA

Mkaka umaonongeka kaamba ka tizirombo tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso, totchedwa mabakiteriya. Tizirombo timeneti timapezeka m'manja, m'fumbi, m'ndowe, pa miyendo ya ntchentche ndi m'madzi osatetezedwa. Kuti tiswane timafuna zinthu zitatu: chakudya, chinyezi ndi kufunda. Ziwiri zoyambazo zili kale mumkaka, popeza pa magawo 100 alionse a mkaka wa ng'ombe, magawo 87 ndi madzi, ndipo otsalawo ndi mafuta, shuga ndi zomanga thupi. Chachitatu chimaperekedwa ndi nyengo ya ku Chilwa. Chigwa chimenechi nchotentha kuposa mzinda wa Zomba umene uli m'tsinde mwa phiri, ndipo m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kwa masana kumapitirira madigiri 30.

Tizirombo timaswana pamene chakudya chili pakati pa madigiri 5 ndi madigiri 60. Zinthu zikatikomera, kachirombo kamodzi kamagawika pawiri pa mphindi 20 zilizonse. Motero kachirombo kamene kanagwera mumkaka 6 koloko m'mawa kangabale 8 pofika 7 koloko, 512 pofika 9 koloko, ndipo pofika 1 koloko masana tingapitirire 2 miliyoni.

Pali mfundo ziwiri zimene anthu ambiri sazidziwa. Yoyamba njakuti tizirombo timene timasasitsa mkaka ndi tina, timene timadwalitsa munthu ndi tinanso. Mkaka ungakhale ndi tizirombo toopsa pamene fungo ndi kakomedwe kake sizinasinthe konse. Paja akulu anati chakudza sichiimba ng'oma. Yachiwiri njakuti tizirombo tina, makamaka timene timakhala m'zironda za m'manja ndi m'mphuno, tikaswana m'chakudya timasiyamo poizoni amene safa ndi moto. Chifukwa chake mkaka umene watha tsiku lonse pamalo otentha subwereranso mwakale ngakhale uwiritsidwe kachiwiri.

Nkhaniyi si yaing'ono. M'chaka cha 2015 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linalengeza kuti chaka chilichonse anthu pafupifupi 600 miliyoni amadwala kaamba ka zakudya zoipa, ndipo 420,000 amamwalira. Mwa omwalirawo, 125,000 ndi ana osakwana zaka zisanu.

TSIKU LOLEMBEDWA PA PAKETI

Cha m'ma 1860, katswiri wa ku France dzina lake Louis Pasteur anaonetsa kuti kutenthetsa zakumwa kumapha tizirombo toziononga. Mafakitale a mkaka amatsata njira yomweyo kufikira lero. Mkaka wina amautenthetsa pa madigiri 72 kwa masekondi 15 kenaka nkuuziziritsa. Umenewu umafuna firiji ngakhale paketi isanatsegulidwe. Wina amautenthetsa kuposa pamenepo, pa madigiri 135 kwa masekondi owerengeka, nautsekera m'paketi yosalowa mpweya. Pa paketi yotere pamalembedwa zilembo za UHT, ndipo ndiyo imakhala pa alumali m'golosale miyezi ingapo osaonongeka.

Apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka. Tsiku lolembedwa pa paketi limanena za mkaka umene uli wotsekedwa. Paketi ikangodulidwa, mpweya, fumbi ndi zala zimalowetsa tizirombo, ndipo mkakawo umakhala ngati wina uliwonse. Pakhomo pamene pali firiji, mkaka wotsegula uyenera kutha m'masiku atatu, kapena monga malangizo a pa paketi anenera. Pakhomo pamene palibe firiji, mkaka wotsegula usagone. Langizo la WHO nlakuti chakudya chophika kapena chosachedwa kuonongeka chisakhale poyera kupitirira maola awiri. Choncho wotsala uyenera kuwiritsidwa maola awiri asanathe, uvundikiridwe, uikidwe pozizira, ndipo uthe tsiku lomwelo.

Paketi yofufuma, yoboka kapena yodontha siyenera kugulidwa, ngakhale wogulitsa atsitse mtengo. Kufufuma kumasonyeza kuti tizirombo tayamba kale ntchito m'katimo.

MKAKA WOKAMA KUMENE

Mkaka wosawiritsa ungapatsire munthu matenda ochokera ku chiweto, monga chifuwa chachikulu cha ng'ombe, ndiponso matenda amene amachititsa ng'ombe ndi mbuzi kupoloza. Mwa munthu, matenda achiwiriwa amadzetsa kutentha thupi kobwerabwera kumene ambiri amakuyesa malungo. Nchifukwa chake alimi a ng'ombe za mkaka a m'maboma a Thyolo, Chiradzulu, Mulanje ndi Blantyre amathamangira nawo mkaka ku malo oziziritsira a magulu awo atangokama, ndipo kuchokera kumeneko umapita ku fakitale kukatenthetsedwa. Mlimi wa ku Chilwa amene amakamira banja lake ayenera kuchita ntchito ya fakitaleyo yekha pa mafuwa, motere:

1. Wokama asambe m'manja ndi sopo asanayambe. Munthu amene ali ndi chironda m'manja, chifuwa kapena kutsegula m'mimba asakame.
2. Bere la chiweto litsukidwe ndi madzi ofunda ndi kupukutidwa ndi nsalu yoyera. Mkaka woyamba kutuluka ukamiridwe padera ndi kutayidwa.
3. Mkaka wa chiweto chodwala, wa bere lotupa, kapena wa chiweto chimene chikulandira mankhwala usamwedwe kufikira alangizi a ziweto atavomereza.
4. Chokamiramo chikhale cha mkaka wokha, chotsukidwa ndi sopo ndi madzi otentha, choumitsidwa padzuwa pa thandala.
5. Mkaka usefedwe ndi nsalu yoyera, ndipo uikidwe pamoto nthawi yomweyo kufikira utawira ndi kukwera.
6. Ukaphulidwa uvundikiridwe, ndipo poto wake aikidwe m'beseni la madzi ozizira kuti uzizire msanga.

Wogula mkaka wa m'mabotolo kwa ogulitsa oyendayenda ayenera kuuwiritsa nthawi zonse, ngakhale wogulitsayo anene kuti anauwiritsa kale.

MKAKA WA UFA NDI WA M'CHITINI

Mkaka wa ufa ndi mkaka umene madzi ake anachotsedwa, monga momwe amachitira poyanika matemba. Kwa banja lopanda firiji, umenewu ndiwo wosavuta kusunga. Mdani wake ndi chinyezi, chimene chimachuluka m'mbali mwa nyanja nthawi ya dzinja. Paketi ikatsegulidwa, ufawo uikidwe m'chitini kapena m'botolo louma lokhala ndi chivundikiro chothina, ndipo utungidwe ndi supuni youma. Supuni imene yatakasa tiyi isabwerere m'chitini. Ufa umene wayamba kuumbika mibulu, kusintha mtundu kapena kununkha mafuta ogona utayidwe.

Ufa ukangosungunulidwa m'madzi umasanduka mkaka wamba, ndipo lamulo la maola awiri limayamba kugwira ntchito. Tsono mayi asungunule wokwanira nthawi imodzi yokha, ndi madzi owiritsa.

Mkaka wa m'chitini uli mitundu iwiri. Wopanda shuga umaonongeka msanga ngati wokama kumene chitini chikaboledwa. Wa shuga wolemerera uja umapirirako pang'ono chifukwa shuga amamanga madzi, koma umaitana nyerere, mphemvu ndi ntchentche. Chizolowezi choboola timabowo tiwiri pa chitini ndi kuchisiya pa tebulo masiku ambiri, monga zimaonekera m'malo ena ogulitsira tiyi, nchoipa. Wotsala utsanuliridwe m'botolo loyera lotsekeka. Chitini chofufuma, chadzimbiri kapena chophwanyika m'mphepete chisagulidwe.

Mwana wosakwana miyezi 6 sayenera kupatsidwa mkaka uliwonse mwa imeneyi. Chakudya chake ndi mkaka wa m'mawere wokha, umene sufuna firiji, nkhuni kapena ndalama, ndipo apitirize kuyamwa kufikira zaka ziwiri kapena kuposerapo. Ngati achipatala alangiza mkaka wapadera wa ana pa zifukwa zina, mwanayo amwetsedwe ndi kapu, chifukwa botolo ndi nsonga yake nzovuta kutsuka, ndipo wotsala m'kapu utayidwe.

CHAMBIKO

Makolo anadziwa kale njira yotalikitsira moyo wa mkaka pousandutsa chambiko. Mumkaka muli tizirombo tina tabwino timene timadya shuga wa mkakawo ndi kutulutsa asidi. Asidiyo ndiye amawawasitsa ndi kulimbitsa mkaka, ndipo amalepheretsa tizirombo tambiri toipa kuswana. Koma kuwawasa sikupha tizirombo tonse. Tizirombo ta chifuwa chachikulu tingapulumuke m'chambiko chopangidwa ndi mkaka wosawiritsa. Njira yabwino ndi iyi:

1. Mkaka uwiritsidwe, kenaka usiyidwe uli wovundikira kufikira utangotsala wofunda.
2. Uthiridwe m'chiwiya chotsukidwa ndi madzi otentha.
3. Pa lita imodzi ya mkaka athiremo masupuni awiri kapena atatu a chambiko chabwino chatsopano, kuti tizirombo tabwino tiyambe ndito kuswana.
4. Chiwiyacho chivundikiridwe ndi kuikidwa pamthunzi kufikira mkaka utagwirana. Nyengo yotentha izi zimatheka tsiku lisanathe.
5. Chambiko chikapsa chiikidwe pozizira, ndipo popanda firiji chithe m'tsiku limodzi kapena awiri.

Potunga chambiko agwiritse ntchito chikho kapena supuni yoyera. Kumwera pa chiwiya chosungiramo, kapena kuthira mkaka watsopano pamwamba pa chakale tsiku ndi tsiku osatsuka chiwiyacho, kumaononga chonse. Chambiko cha m'paketi chogula ku sitolo chimafuna firiji. Amene alibe agule chokwanira tsiku limodzi.

Nkofunika kusiyanitsa chambiko ndi mkaka umene wasasa wokha chifukwa choiwalika. Chambiko chabwino chimagwirana mosalala ndipo chimawawasa mokoma. Mkaka woonongeka umanunkha, umawawa, umachita thovu kapena kunanda ngati therere, ndipo nthawi zina umasintha mtundu. Wotere usapatsidwe kwa munthu aliyense.

TCHIZI

Tchizi ndi chakudya chopangidwa pogwiranitsa mkaka, kufinya madzi ake, kuthira mchere ndi kuusunga kuti ukhwime. Pamafunika malita a mkaka pafupifupi 10 kuti papezeke kilogalamu imodzi ya tchizi wolimba. Anthu a maiko ena anatulukira njirayi pa chifukwa chimodzimodzi chimene asodzi amayanikira nsomba: kusunga chakudya cha nthawi ya zochuluka kuti chidzathandize nthawi ya zochepa. Mitundu imene imapezeka kawirikawiri m'masitolo ndi Cheddar, wotchedwa dzina la mudzi wa ku England, ndi Gouda, wotchedwa dzina la mzinda wa ku Netherlands.

Lamulo la madzi lija limagwiranso ntchito pano. Tchizi wolimba monga Cheddar ali ndi madzi osakwana magawo 40 pa 100, choncho amakhalitsa. Tchizi wofewa, wonga phala kapena wopaka pa buledi, ali ndi madzi ambiri ndipo sachedwa kuonongeka. Akatsegulidwa, wolimba angakhale m'firiji milungu itatu kapena inayi, pamene wofewa ayenera kutha m'mlungu umodzi.

Posunga tchizi wotsegula pali zinthu ziwiri zoyenera kupewa. Akasiyidwa poyera amauma, nalimba ndi kung'aluka. Akamangidwa zolimba m'pulasitiki amachita thukuta, ndipo chinyezicho chimameretsa chuku. Njira yoyenera ndi iyi:

1. Wodula asambe m'manja, ndipo agwire tchizi ndi pepala lake lomwe m'malo mwa zala.
2. Mpeni ukhale woyera ndi wouma. Mpeni umene watumbula nsomba kapena kudula nyama yaiwisi usakhudze tchizi usanatsukidwe ndi sopo.
3. Adule wokwanira kudya nthawi yomweyo, ndipo wotsala abwezedwe pozizira msanga.
4. Wotsalayo akulungidwe m'pepala loyera losalowa mafuta, longa lija lophikira makeke, kenaka aikidwe m'kontena yokhala ndi chivundikiro. Nyuzipepala siyoyenera chifukwa inki yake imalowa m'chakudya. Pepala likanyowa lisinthidwe.
5. Tchizi asungidwe kutali ndi nsomba, anyezi ndi palafini, popeza amatenga fungo msanga.
6. Tsiku limene watsegulidwa lilembedwe pa kontena.

Pakhomo popanda firiji, tchizi wofewa asagulidwe nkomwe, pokhapokha ngati adyedwe nthawi yomweyo. Wolimba agulidwe kachidutswa kakang'ono kotha m'masiku awiri kapena atatu. Njira yakale ndiyo kumukulunga m'nsalu yoyera yonyowetsedwa pang'ono ndi viniga, ndi kumuika m'chiwiya chovundikira pamalo ozizira, kumene makoswe ndi mphemvu sizingafike.

Chuku chikamera pa tchizi wolimba, mbali imeneyo idulidwe pamodzi ndi masentimita awiri ndi theka kuzungulira ndi pansi pake, mosamala kuti mpeni usakhudze chukucho, ndipo wotsala akulungidwe m'pepala latsopano. Kupala pamwamba pokha sikukwanira, chifukwa chuku chili ndi timizu tolowa m'kati. Chikamera pa tchizi wofewa, wodulidwa kale tizidutswa topyapyala kapena wopalidwa, yense atayidwe. Chimodzimodzi chambiko chimene chamera chuku.

Amayi oyembekezera ayenera kusamala koposa. Pali kachirombo kotchedwa Listeria kamene kamaswana ngakhale m'firiji, ndipo kamakonda tchizi wofewa wopangidwa ndi mkaka wosatenthetsa ndi nyama zophikaphika za m'mapaketi. Kachiromboka kangachititse mayi kupita padera kapena kubereka mwana wodwala. M'zaka za 2017 ndi 2018, ku South Africa anthu oposa 1,000 anadwala ndipo oposa 200 anamwalira kaamba ka kachiromboka kamene kanapezeka m'poloni, ambiri a iwo ana obadwa kumene. Mayi woyembekezera apewe tchizi wofewa wosadziwika kapangidwe kake ndi mkaka wosawiritsa.

KUZIZIRITSA

Aliyense adziwa kuti madzi a mumtsuko amazizira kuposa a m'chigubu. Chifukwa chake nchakuti dothi lootcha lili ndi timabowo tosaoneka. Madzi amatuluka pang'onopang'ono, ndipo pouma amachoka ndi kutentha. Cha m'ma 1990, mphunzitsi wa ku Nigeria dzina lake Mohammed Bah Abba anafalitsa njira yogwiritsa ntchito nzeru yomweyi posunga zakudya. Amaumba miphika iwiri, waung'ono nulowa m'kati mwa waukulu. Mpata wa pakati pake umadzazidwa ndi mchenga wonyowa, chakudya chimaikidwa mumphika wa m'kati chili m'chiwiya chotseka, ndipo pamwamba amafundikapo nsalu yonyowa. Miphikayo imaikidwa pamthunzi podutsa mphepo, ndipo mchengawo umathiridwa madzi m'mawa ndi madzulo.

Njirayi imathandiza kwambiri m'chilimwe pamene mpweya uli wouma, koma m'dzinja mphamvu yake imachepa. Ndiponso kuzizira kwake sikufika pa madigiri 5. Choncho mphika wotere ungathandize tchizi wolimba, chambiko, masamba ndi tomato, koma sungachititse kuti mkaka wotsegula ugone.

Amene ali ndi firiji, kaya ya magetsi kaya ya sola, aonetsetse kuti ikuzizira madigiri 5 kapena kutsikirapo. Mkaka ndi tchizi zikhale pamwamba, nsomba ndi nyama zaziwisi pansi, kuti madzi ake asadonthere pa zakudya zodyedwa zosaphika. Magetsi akazima chitseko chisatsegulidwe pafupipafupi. Firiji yotseka imasunga kuzizira pafupifupi maola anayi. Akapitirira pamenepo, mkaka wotsegula ndi tchizi wofewa zimakhala zokayikitsa, pamene tchizi wolimba amapirira.

MADZI OTSUKIRA NDI OSUNGUNULIRA

Khama lonse la kuwiritsa mkaka limapita pachabe ngati kapu yomwera yatsukuluzidwa ndi madzi oipa. Nyanja ya Chilwa njosaya ndipo ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Zonse zimene mitsinje monga Likangala ndi Domasi yanyamula zimathera momwemo. Kolera inalowa m'Malawi m'chaka cha 1973, ndipo dera la Chilwa lakhala likuvutika nayo kawirikawiri. Kumapeto kwa 2015 inabukanso pakati pa asodzi, ndipo mu 2016 katemera wakumwa anaperekedwa kwa asodzi ogona m'zimbowera, kwa anthu a pa zilumba monga Chisi ndi kwa okhala m'madoko. Pa mliri wa 2022 ndi 2023, m'dziko lonse anthu oposa 58,000 anadwala ndipo oposa 1,700 anamwalira.

Chifukwa cha ichi, madzi osungunulira mkaka wa ufa ndi otsukira ziwiya za mkaka akhale owiritsa kapena othira kolorini. Wogulitsa amene amaonjezera madzi mumkaka kuti uchuluke amaba ndalama za ogula, komanso angapatsire matenda mudzi wonse. Ayenera kukumbukira kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.

CHITSANZO

Kukambirana konga uku kumachitika kawirikawiri pamene alangizi a zaumoyo ayendera makomo. Mlangizi wapeza agogo akulera mdzukulu wa chaka chimodzi amene wayamba kutsegula m'mimba, amake atapita ku munda wa mpunga.

"Agogo, mkaka umene munathira m'phala la mwanayu munautsegula liti?"

"Dzana, a zaumoyo. Anabwera nawo akamwini anga atagulitsa nsomba. Koma tsiku lake silinakwane. Mdzukulu wanga wa pa sukulu anawerenga pa paketipo."

"Anawerenga bwino, agogo. Nanga matemba aawisi mungawasunge kuyambira dzana?"

"Iyayi, amenewo ndiye angavunde."

"Mkaka wotsegula ulinso chimodzimodzi. Tsiku lija limawerengedwa paketi ili yotseka."

"Tsono ndiutaye, ndalama zikuvuta chonchi?"

"Pepani agogo, wotsalawu utayidwe ndithu. Mtengo wake ngwochepa poyerekeza ndi wa kabaza wopita ku chipatala usiku. Ulendo wina muwauze akamwini agule kapaketi kakang'ono kotha tsiku limodzi, kapena wa ufa. Tsopano tengani madzi owiritsa, mwanayu ayambe kumwa Thanzi."

Agogowo sanalakwe dala. Anafuna kuti chakudya chodula chifike patali, ndipo nchimene mabanja ambiri amachita. Mlangizi wanzeru sakalipa. Amafotokoza poyambira pa zimene banjalo likudziwa kale.

MUNTHU AKADWALA

Zizindikiro za kudya chakudya choipa ndi kusanza, kupotokola m'mimba, kutsegula m'mimba ndi kutentha thupi. Zingayambe patangopita maola ochepa kapena patapita masiku. Choopsa kwambiri ndi kutha kwa madzi m'thupi, makamaka kwa ana ndi okalamba. Wodwala ayambe kumwa Thanzi ORS nthawi yomweyo, paketi imodzi itasungunulidwa mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira kolorini. Mwana apitirize kuyamwa ndi kudya, ndipo apatsidwe mapiritsi a zinki monga achipatala alangizira.

Wodwala atengeredwe ku chipatala chapafupi mosazengereza ngati akutsegula kwambiri chimbudzi chonga madzi a mpunga, ngati m'chimbudzi muli magazi, ngati akusanza chilichonse, ngati maso alowa m'kati kapena liwombo la mwana lalowa, ngati akulephera kumwa kapena kuyamwa, ndiponso ngati wafooka kwambiri. Ali pa ulendo apitirize kumwa Thanzi pang'onopang'ono.

ZOYENERA KUKUMBUKIRA

1. Tsiku la pa paketi limagwira ntchito paketi ili yotseka basi.
2. Mkaka wokama uwiritsidwe nthawi zonse, ngakhale wopangira chambiko.
3. Popanda firiji, mkaka wotsegula usagone. Banja ligule wokwanira tsiku limodzi.
4. Chakudya cha madzi ambiri chimaonongeka msanga: mkaka umatsogola, kenaka tchizi wofewa ndi chambiko, ndipo tchizi wolimba ndi mkaka wa ufa ndizo zimakhalitsa.
5. Manja, mpeni, supuni ndi kapu zikhale zotsukidwa ndi sopo ndi madzi otetezedwa.
6. Fungo labwino si umboni wakuti chakudya chili bwino. Chokayikitsa chitayidwe.

MAFUNSO OKAMBIRANA PA SIKELO NDI M'MAGULU

1. Kodi tizirombo timafuna zinthu ziti zitatu kuti tiswane?
2. Nchifukwa ninji mkaka wa UHT umakhala miyezi m'golosale koma sugona ukatsegulidwa?
3. Kodi chambiko chimasiyana bwanji ndi mkaka wosasa wokha?
4. Kodi chuku chikamera pa tchizi wolimba achite chiyani? Nanga pa wofewa?
5. Ndi zizindikiro ziti zimene zimasonyeza kuti mwana wotsegula m'mimba athamangire naye ku chipatala?